Mpesa wa Chenin Blanc ndi Mvula ya Dzinja

Lero tikamba za mbewu imene ambiri a ife tidayamba kuimva m'tchalitchi tisanaione m'munda. Mbewuyo ndi mpesa, ndipo pa mitundu yake yambirimbiri ndasankhapo umodzi wokha, wobala mphesa zoyera, wotchedwa Chenin blanc. Polemba dzinali ayamba ndi zilembo zomwe ife tiyambira polemba chimanga, koma potchula ati "Shenin". Inu amene mumalowa m'masitolo akuluakulu a mu Lilongwe mudalionapo dzinali pa mabotolo a vinyo woyera wochokera ku South Africa.

Alimi a kumadzulo kwa Lilongwe, kuyambira kwa Njewa ndi ku Mpingu mpaka ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, ndi anthu a fodya, mtedza ndi chimanga. Chaka chimene mitengo ya fodya yavuta ku Kanengo, pabwalo sipalephera kumveka funso lakuti, kodi palibe mbewu ina imene munthu angaikepo mtima? Tsono masiku ano ana athu ena adakagwirako ntchito m'minda ya mphesa ya ku Cape, ndipo pobwera amasimba za mizere ya mipesa yofika kumene maso alekeza, ndi za ndalama zimene eni ake amapeza. Womva nkhani zotere amayamba kuyang'ana munda wake ndi maso ena. Ndiye tiyankhe funso lake mosabisa. Kumera, mpesa umera kuno. Nthaka yathu ya katondo siukana, ndipo dzuwa lathu likwanira. Chimene chingagwetse mlimi ndi mvula, mvula yomweyi timaipempherera mu Novembala, chifukwa imagwa m'miyezi imene mphesa zifuna kupsa pouma.

Mawu akuti mpesa si obwereka. M'mapiri ndi m'nkhalango zathu muli mipesa ya kuthengo, yoyanga m'mitengo, yobala tizipatso takuda towawasa, tina toyabwa kukhosi, timene anyamata oweta ng'ombe amadya akamva njala. Mpesa wa kuthengowo ndi mwana wa kuno, udazolowera kubala mvula ili m'kati. Koma mpesa wa kumunda udachokera ku maiko amene mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira, mtengo uli chigonere wopanda masamba, ndipo zipatso zimapsa padzuwa. Khalidwe limenelo udabwera nalo, sudalisiye m'njira.

Kwawo kwa Chenin blanc ndi ku France, m'chigwa cha mtsinje wa Loire, m'madera a Anjou ndi Touraine. Kumeneko amaulima ku Vouvray, ku Savennières ndi ku Saumur, ndipo mphesa zamtundu umodzi womwewu amapangira vinyo wopanda shuga, vinyo wotsekemera ngati uchi, ndi vinyo wa thovu. Ku South Africa mpesa udafika ndi Adatchi. Jan van Riebeeck adabzala mipesa yoyamba ku Cape m'chaka cha 1655, ndipo pa 2 Febuluwale 1659 adafinya vinyo woyamba. Pa mitundu yakale ya kumeneko padali wina umene Mabunu ankautcha Steen. Adaulima mibadwomibadwo, nauphikira ngakhale burande, osadziwa dzina lake lenileni, kufikira m'zaka za m'ma 1960 pamene Pulofesa Chris Orffer wa pa yunivesite ya Stellenbosch adafananiza masamba ake ndi a mipesa yochokera ku France, napeza kuti Steen ndi Chenin blanc ndi mtengo umodzi. Lero dziko la South Africa lili ndi minda ya mpesa umenewu yoposa ya dziko lina lililonse, ndi France yemwe.

Nanga n'chiyani chidaupatsa mwayi wotere kutali ndi kwawo? Ndi kuwawasa kwake. Mphesa ikamapsa shuga amachuluka, kuwawasa kumachepa, monga achitira mango. M'dziko lotentha mitundu yambiri ya mphesa zoyera imataya kuwawasa konse isanakhwime, ndipo vinyo wake amatuluka wosukuluka, wonga thobwa lochuluka madzi. Chenin blanc ndi wouma mutu: ngakhale dzuwa liwombe, amasungako kuwawasa kwake. Ndiye chifukwa chake anthu a ku maiko otentha akafuna kuyesa mphesa zoyera amayamba ndi iyeyu.

Chitsanzo chapafupi ndi ife chili ku Tanzania, m'chigawo cha Dodoma. Ansembe a chipani cha Holy Ghost ndiwo adafikitsako mipesa m'chaka cha 1938, ndipo mu 1961 ndende ya Isanga idayamba kulima mphesa pa maekala anayi. Kuchokera apo mbewuyi idalowa m'midzi, kotero kuti lero alimi wamba a ku Dodoma amalima mphesa monga ife tilimira mtedza, ndipo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara dziko la Tanzania ndilo lachiwiri kwa South Africa popanga vinyo. Mphesa zoyera zimene amadalira ndi Chenin blanc yemweyu. Tsono tamverani izi. Dodoma ali pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,100 kuchokera pa nyanja yamchere. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze, amene adatsekulidwa mu 1948 pa msewu wa ku Mchinji, pakhomo penipeni pa anthu a kwa Njewa, ali pamtunda wofanana ndi umenewo. Kusiyana kwake kuli kumwamba. Ku Dodoma kumagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 600 pa chaka, pamene ku Chitedze imafika pafupifupi 900. Ndipo ngakhale ku Dodoma komweko, kumene amathyola kawiri pa chaka, mphesa za mu Ogasiti ndi Sepitembala ndizo zimatsekemera bwino kuposa zimene zimapsa mvula ili m'kati, cha mu Febuluwale ndi Malichi.

Tiyeni tiutsate mpesa wobzalidwa kwa Njewa, mwini wake atausiya kuti uyende monga ufunira. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira, umayoyola masamba nupuma. Mu Ogasiti mwini amaudulira. Kukayamba kufunda mu Sepitembala maso amaphukira, mu Okutobala umachita maluwa, ndipo tizipatso timakula m'Novembala. Kufikira apa zonse zili bwino, ndipo mlimi akaona matsango ali lendelende amayamba kuwerenga ndalama. Koma mphesa zimayamba kufewa ndi kutsekemera chakumapeto kwa Disembala mpaka mu Febuluwale, ndipo inu mukudziwa chimene chimachitika kuno m'miyezi imeneyo. Ndiyo miyezi ya mvumbi, pamene zovala zimatha masiku atatu pachingwe osauma. Mnyamata amene adathyolako mphesa ku Paarl kapena ku Stellenbosch mu Febuluwale adathyola kunja kuli ng'aa, pakuti ku Cape mvula imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mwezi ndi womwewo, koma thambo ndi lina.

Pamenepa mpamene khalidwe lina la Chenin blanc limasanduka tsoka. Tsango lake ndi lothinana, mphesa zimakanikizana popanda mpata wopita mphepo, ndipo khungu lake ndi lopyapyala. Mvula ikagwa pamene zatsala pang'ono kupsa, mizu imamwa madzi ambiri, mphesa zimatupa, ndipo za m'kati mwa tsango zimaphulika. Madzi a shuga aja amayenderera, chuku chimamera, ntchentche zazing'ono ndi mavu zimasonkhana, ndipo pakapita masiku ochepa munda wonse umanunkha viniga. Kunja tsango limaoneka labwinobwino, koma mukalitsekula mupeza chikomekome cha mkuyu. Zimene zapulumuka nazo sizitsekemera mokwanira, chifukwa mitambo yabisa dzuwa ndipo madzi asungunula shuga.

Masamba nawo ali ndi adani awo. Woyamba ndi nthenda imene alangizi amaitcha downy mildew. Imayamba ngati madontho achikasu, onga a mafuta, pamwamba pa tsamba, ndipo mukalitembenuza mupeza kunsi kuli chuku choyera ngati thonje. Imakonda chinyezi ndi kufunda, ndiye kunena kuti imakonda Januwale wathu, ndipo ingathe kuyoyola masamba a munda wonse m'masabata ochepa. Nthendayi idafika ku Ulaya kuchokera ku America m'chaka cha 1878, ndipo mu 1885 katswiri wa zomera wa ku Bordeaux, Alexis Millardet, adalengeza mankhwala ake, osakaniza kopa ndi laimu, amene mpaka lero amadziwika ndi dzina la mzindawo. Mankhwala a kopa amateteza, sachiza; muyenera kupopera nthenda isanafike, ndipo mvula ikawatsuka mubwereze. Mdani wachiwiri ndi powdery mildew, amene amaoneka ngati wina wawaza phulusa pa masamba ndi pa zipatso. Uyu sadikira mvula, amabwera ngakhale m'chilimwe. Mankhwala ake ndi salufa, koma osathira dzuwa lili paliwombo, kuopa kuwaula masamba.

Kodi tsono tileke? Iyayi. Mvula sitingaisunthe, koma mpesa tingathe kuusuntha, ndipo chida chake ndi mpeni wodulira. Mpesa umayamba kuwerenga masiku ake kuchokera tsiku limene mwaudulira. Kuchokera pamenepo kufikira pothyola pamapita miyezi isanu, mwina isanu ndi umodzi kukakhala kozizira. Ku dziko lopanda chisanu choopsa monga lathu, mlimi ndiye amasankha tsiku loyambira kuwerengako.

Amene adaigwira bwino nzeru imeneyi ndi anthu a ku Brazil, m'chigawo cha Minas Gerais. Dera lawo ndi lokwera ngati lathu, mvula yawo imagwa m'miyezi yomwe imagwa kuno, ndipo Juni ndi Julayi wawo ndi wouma ndi wozizira ngati wathu. Kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 katswiri wina, Murillo de Albuquerque Regina, wa bungwe la kafukufuku la EPAMIG, adayamba kuyesa kudulira kawiri pa chaka. Amadulira koyamba mu Ogasiti, ndipo matsango onse amene atuluka amawachotsa akadali aang'ono. Mpesa umangokula nthambi ndi masamba, kusonkhanitsa mphamvu. Kenaka amaduliranso cha mu Januwale, mpesa nuyambanso kuwerenga, ndipo mphesa zimapsa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, masana kuli dzuwa, usiku kuli kuzizira. Nyengo yotere ndiyo mphesa za vinyo zimaikonda kopambana: dzuwa limadzaza shuga, kuzizira kwa usiku kumasunga kuwawasa. Ku Brazil njirayi idayenda bwino makamaka ndi mphesa zakuda zotchedwa Syrah. Koma ku Nashik, m'dziko la India, kumene nakonso amadulira kawiri pothawa mvula yawo yamphamvu, Chenin blanc ali m'gulu la mphesa zoyera zimene amalima kwambiri. Motero Brazil atipatsa miyezi, India atitsimikizira kuti mtundu uwu umalola.

Ndinene mosapsatira kuti njira imeneyi ndi yowawa. Kuthyola matsango aawisi ndi kuwataya pansi mu Okutobala, pamene mwathirira mpesa chilimwe chonse, kumafuna mtima wolimba, ndipo a pabanja panu adzakuyesani wopenga. Masamba ayenera kutetezedwa dzinja lonse, nthawi yomwe fodya ndi chimanga zikulirira manja anu. Ndiponso mpesa umene sudapume m'chisanu umachita ulesi kuphukira. Maso a kunsonga okha ndiwo amatseguka. Alimi a ku Brazil ndi ku India amapaka maso ndi mankhwala otchedwa Dormex kuti aphukire pamodzi. Mankhwala amenewa ndi oopsa, amatentha khungu, ndipo ali ndi khalidwe lodabwitsa: munthu amene wawagwira akamwa mowa tsiku limenelo kapena lotsatira amadwala kwambiri, nkhope kufiira, mtima kuthamanga. Ndi nkhani yoseketsa pang'ono kuti mlimi wa vinyo aletsedwe mowa ndi munda wake womwe, koma si yochita nayo chibwana. Musawagwire popanda mlangizi ndi zovala zodzitetezera.

Njira ina ndi yothamangitsana ndi mvula. Mumadulira msanga, mu Juni, kuti muthyole chakumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro a Novembala. Ubwino wake ngwakuti zipatso zimakula popanda downy mildew. Kuipa kwake ngwakuti maso amaphukira mochedwa m'nyengo yozizira, mphukira zanthete zingathe kupsa ndi chisanu, mphesa zimakhwima m'mwezi wotentha koposa, ndipo mvula ikafulumira mwaluza mpikisano. Chizimalupsa cha tsiku limodzi sichiononga kanthu, koma sabata yathunthu ya mvula ndi yokwanira kuwoletsa zonse. Kwa ine njira ya kudulira kawiri ndiyo ili ndi tsogolo kuno, chifukwa imapereka mphesa m'miyezi imene thambo lathu silinama. Koma tsiku lenileni lodulira kachiwiri liyenera kupezeka pamunda pomwepo. Mvula yathu imafika mpaka kumapeto a Malichi, ndipo maluwa a mpesa sakondwa ndi mvula. Tsono mlimi wanzeru adulire mipesa ina kumapeto a Januwale, ina pakati pa Febuluwale, ina poyamba pa Malichi, alembe m'kope tsiku lililonse, aone imene yamuyankha bwino.

Za malo obzala ndinene mwachidule, koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi dimba. Popeza mpesa ufuna kuthirira m'chilimwe, maganizo amathamangira kudambo kumene kuli madzi. Musatero. Mpesa sufuna kuti mizu yake ikhale m'madzi, ndipo kudambo ndiko kumagona chisanu ndi mame. Ubzaleni kumtunda, pa nthaka yakuya yosasunga madzi, popita mphepo, pafupi ndi chitsime. Msampha wachiwiri ndi munda umene mwangochotsamo fodya. Inu alimi a fodya mumadziwa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu, tija timakukakamizani kuchita kasinthasintha wa mbewu. Timeneti timadyanso mizu ya mpesa, ndipo mpesa sungathawe, pakuti ukabzalidwa umakhala pamalopo zaka 20 kapena 30. Ndiye chifukwa chake alimi a ku maiko otentha amamezanitsa Chenin blanc pa tsinde la mipesa ina yopirira, monga Ramsey ndi Dogridge. Pomwepa ndichenjeze ana athu a ku Cape: musabwere ndi timitengo ta mpesa tobisa m'chikwama. Kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha Unduna wa Zaulimi, ndipo lamulolo lili ndi chifukwa. Kachilombo ka m'mizu kotchedwa phylloxera kadaononga minda ya ku France m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, ndipo kadafika ku Cape mu 1886. Kadayenda pa mbande zonyamulidwa ndi anthu.

Kumbani maenje akuya masentimita 60, mulifupi chimodzimodzi. Pakati pa mizere pakhale mamita atatu, pakati pa mipesa mamita awiri. Manyowa akhale owolerana bwino, chifukwa mapesi ndi ndowe zaziwisi zimaitana chiswe, ndipo chiswe chimakonda mpesa wanthete ndi mizati yake yomwe. Chaka choyamba mulere nthambi imodzi yokha, yowongoka, muimangirire ku kamtengo kufikira ifike pa waya. Chaka chachiwiri mutambasule mikono iwiri pa wayapo, wina uku wina uku. Chaka chachitatu ndi pamene mulawe zipatso zoyamba. Mlimi wozolowera kufesa nazale mu Sepitembala ndi kulandira ndalama mu Meyi aganizire bwino zaka zitatu zimenezi.

Palinso chizolowezi china cha fodya chimene muyenera kuchisiya pakhomo. Pa fodya timafuna tsamba lalikulu, motero timathira feteleza mosaumira. Chenin blanc ndi mtengo wanyonga kale. Mukaudyetsa kwambiri umachita nkhalango ya masamba, mphepo ndi dzuwa sizilowa, matenda amabisala m'menemo, ndipo mphesa zimachuluka koma zopanda kukoma. Mpesa wabwino ndi wokhala ndi njala pang'ono. Patulirani masamba ozungulira matsango, chepetsani matsango akachuluka, ndipo mphesa zikayamba kufewa chepetsaninso madzi. Pomaliza konzekerani apumbwa ndi mpheta. Mu Julayi, kuthengo kukauma, munda wanu udzakhala wokhawo wa zipatso zotsekemera m'dera lonse. Pa mipesa yochepa, kuvala tsango lililonse kathumba ka pepala kapena ka nsalu yopyapyala kumathandiza kuposa kuika mwana woingitsa.

Tiwerengeko pang'ono. Pa mipata ndatchula ija, hekitala imodzi imalowa mipesa 1,667. M'miyezi yotentha mpesa waukulu ufuna ndowa ziwiri kapena zitatu za madzi pa sabata. Ndowa ziwiri zokha pa mpesa uliwonse ndi ndowa zoposa 3,300 pa sabata. Amene alibe pampu aone yekha ngati mitu ya a pabanja pake ingasenze zimenezo. Ndiye uphungu wanga ngwakuti yambani ndi mipesa 20, mizere iwiri kuseri kwa nyumba. Mpesa wokhwima wosamalidwa bwino ungapereke makilogalamu atatu kufikira asanu, ndipo botolo limodzi la vinyo limadya mphesa pafupifupi kilogalamu ndi theka. Mipesa 20 ingakupatseni mabotolo 40 kapena kuposapo, ndipo ikalephera simunagulitse ng'ombe. Ndipo musanaganize za hekitala, funsani kuti adzagula ndani. Mphesa za Chenin blanc ndi zazing'ono, zanjere, zosachedwa kuphwanyika. N'zotsekemera kudya, koma sizingapikisane pamsika ndi zikuluzikulu zopanda njere zochokera ku South Africa. Msika wake ndi wopanga vinyo. Ku Dodoma alimi adalirapo kangapo mphesa zili kuwolera m'munda chifukwa mafakitale achedwa kugula. Kuno kwathu luso lopanga vinyo lilipo: kampani ya Linga ya mu Lilongwe idadziwika ndi vinyo wa zipatso monga jambula, magwafa ndi mabulosi. Koma wofuna kugulitsa vinyo wake ayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo katundu wake ayesedwe ndi a Malawi Bureau of Standards.

Kapangidwe kake n'kosavuta kufotokoza. Vinyo woyera amapangidwa ndi madzi a mphesa okha. Mumafinya, makoko ndi njere n'kutaya, madziwo n'kuwasiya usiku umodzi kuti zinyalala zikhale pansi. Kenaka mumathira yisiti ya vinyo m'chigubu choyera bwino, chotsekedwa mwa njira yoti mpweya wa m'kati uzituluka koma wakunja usalowe, pakuti mpweya wakunja ndiwo umasandutsa vinyo kukhala viniga. Vinyo woyera amafuna kuwira pang'onopang'ono pamalo pozizira, pa madigiri a pakati pa 12 ndi 18. Mafakitale a ku maiko otentha amalipira magetsi ambiri kuti apeze kuzizira kumeneko. Wothyola mu Julayi kwa Kabudula adzakupeza kwaulere m'chipinda cha nyumba ya udzu.

Tsono tifike pa mphasa, pa chakudya. Mabuku a vinyo amakamba za tchizi ndi nkhono za m'nyanja yamchere, zimene sizipezeka pa msika wa Nsaru. Ife tiyambe ndi lamulo limodzi losavuta: Chenin blanc amagwira ntchito ya ndimu. Chakudya chilichonse chimene mungafinyirepo ndimu chidzamvana naye. Chambo chootcha pamakala, chothira mchere wokha, ndicho bwenzi lake loyamba; mafuta a nsomba amakuta lilime, vinyo amalitsuka, ndipo nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. Usipa wokazinga wouma bwino, utaka, ndi chambo cha msuzi wa matimati pa mpunga wa Kilombero, zonsezi zimamulandira. Nsima payokha ilibe mbali. Ndiwo ndizo zimaweruza.

Chimene ine ndimachiika patsogolo, ngakhale pa chambo, ndi ndiwo zotendera. Nkhwani wotendera, mpiru wotendera, chigwada cha nsinjiro za Chalimbana, izi ndi ndiwo zonona, zolemera m'kamwa, ndipo zimafuna chinthu chowawasa pambali pake. Chenin blanc wokhwima bwino amakhala ndi kafungo ka magwafa ndi ka uchi, ndipo kafungo kameneko kamakwatirana ndi mtedza mwa njira imene vinyo wofiira sangathe. Nkhuku yachikuda yootcha ndi nyama ya nkhumba nazonso zimayenda naye bwino. Koma nyama ya ng'ombe yamsuzi, mbuzi ndi mang'ina zimamuposa mphamvu, amangomveka ngati madzi. Izo zisiyireni vinyo wofiira. Mbewa nazo zidapeza kale mnzake, ndiye chipanda cha masese, ndipo ukwati umenewo tisaupasule.

Pogula werengani botolo. Mawu akuti dry satanthauza kuuma. Atanthauza kuti shuga yense adasanduka mowa. Akalemba off-dry kapena semi-sweet ndiye kuti shuga wina adatsala. Kusiyana kumeneku n'kofunika pa zakudya ziwiri. Choyamba ndi tsabola. Amene simudya popanda kambuzi kapena Nali dziwani kuti vinyo wopanda shuga amakolezera moto wa tsabola, pamene wotsekemera pang'ono, wozizira bwino, amauziziritsa. Chachiwiri ndi futali ndi maungu. Chakudya chotsekemera chimachititsa vinyo wopanda shuga kumveka wowawasa ngati bwemba, motero nachonso chifuna wotsekemera pang'ono. Ndipo pali ndiwo imodzi imene sigwirizana naye m'pang'ono pomwe: therere lophika ndi chidulo kapena soda. Chidulo chimapha kuwawasa, ndiko ntchito yake, ndipo vinyo wokumana nacho m'kamwa amasanduka wozizira, wonga sopo. Tsiku la therere botolo likhale chitsekere.

Vinyo woyera amamwedwa wozizira, pa madigiri a pakati pa 8 ndi 12. Opanda firiji akulunge botolo m'nsalu yonyowa naliike pamthunzi popita mphepo, kapena alimize mu mtsuko wa madzi ogonera. Likatsekulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu. Koma kukoma kwake kusakunyengeni. Pa magawo 100 alionse a vinyo ameneyu, 12 kufikira 14 ndi mowa weniweni, pamene Chibuku chokhwima chimafika pa anayi. Botolo limodzi liposa mapaketi awiri, ndipo silikhutitsa monga masese kuti mimba ikuchenjezeni. Botolo limodzi ndi la anthu anayi kapena asanu, pa chakudya, ndipo si la ana, si la mayi woyembekezera, si la woyendetsa galimoto kapena njinga ya kabaza.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu omvera simumwa konse, ena chifukwa cha mpingo, ena chifukwa cha Chisilamu, ena mwa kufuna kwanu. Mpesa sukukanizani. Madzi a Chenin blanc ongofinya kumene, osawira, ndi chakumwa chokoma kwa ana ndi akulu, ndipo mukawatenthetsa pamoto osafika pobwadamuka, n'kuwatsekera m'botolo lophitsidwa, amasungika miyezi ingapo. Amene mwaganiza zoyesa, yambani ndi kukaonana ndi mlangizi wa dera lanu za kumene mungapeze mbande zomezanitsa zovomerezeka. Maenje akumbidwe m'chilimwe, manyowa awolerane, kuti pofika Ogasiti kapena Sepitembala mubzale ndi madzi a pachitsime, mizu igwire mvumbi usanafike.